Pojambula cithunzi, ganizirani amene sanalipo

Masiku ano palibe ukwati, ubatizo kapena msonkhano wa kopaletivu umene umatha popanda manja kukwezedwa m'mwamba atagwira mafoni. Ana a sukulu akujambula, amai a kwaya akujambula, ngakhale amfumu a m'mudzi nao atulutsa kalamya kao. M'caka cimodzi cabe tikujambula zithunzi zambiri kuposa zimene makolo athu anajambulitsa moyo wao wonse.

Koma taonani zimene zimacitika pakagwa maliro. Banja likafuna cithunzi ca malemu coti ciikidwe pa pepala la mwambo wa maliro kapena pa cidziwitso ca m'nyuzipepala, limafufuza m'mafoni asanu n'kupeza zithunzi mazanamazana, koma osapezapo cooneka nkhope bwino. Pa cina malemu ali kutali ngati nyerere, pa cina nkhope yada bii cifukwa ca dzuwa la kumbuyo, pa cina mutu wadulidwa. Mapeto ake abale amatenga kacithunzi ka pa reji, kamene mwina kanajambulidwa zaka 40 zapitazo.

Kumunda nakonso n'cimodzimodzi. Mlimi aona kuti cimanga cake cikudyedwa, ajambula ndi kutumiza kwa alangizi a zaulimi amene ali kutali. Alangizi atsegula cithunzico n'kuona cobiriwira cokhacokha, osadziwa ngati ndi mbozi, matenda kapena kusowa kwa feteleza. Pofika tsiku loti abwere kudzaona okha, sabata yatha ndipo mbozi zakula.

Mavuto awiriwa gwero lake ndi limodzi. Tikamajambula timaiwala kuti ife amene tiripo taona kale ndi maso athu. Cithunzi timajambulira munthu amene sanalipo: mlangizi amene ali ku boma, mwana amene ali pa nchito ku Kitwe, mdzukulu amene sanabadwe. Munthu ameneyo sangafunse kuti “kodi apa panali ciani?” Adzaona cokhaco cimene taika m'cithunzi. Tikamukumbukira tisanadinize batani, zithunzi zathu zidzasintha ngakhale foni ikhale yomweyo yochipa.

Zimene filimu inaphunzitsa akale

Amene tinakula kale tikukumbukira ajambuli amene anali kuyenda pa njinga, kamera iri pakhosi, kufika pa chalichi tsiku la Sabata kapena pa sukulu tsiku lotsekera. Filimu yao inali ya zithunzi 24 kapena 36 basi, ndipo ciriconse cinali ndalama. N'cifukwa cake sanali kuthamanga. Anali kukuimika bwino, kukutembenuza kuti uyang'ane kumene kukucokera kuwala, kukuuza kuti ukonze kolala, kenaka n'kudiniza kamodzi. Foni yacotsa mtengo wa filimu, ndipo pamodzi ndi mtengowo kudekha nakonso kwapita.

Citsanzo cabwino ndi Seydou Keïta wa mu mzinda wa Bamako ku Mali, amene anatsegula malo ake ojambulira mu 1948 ndipo anamwalira mu 2001. Zithunzi zake zambiri anajambulira pabwalo la nyumba ndi kuwala kwa dzuwa, kumbuyo atapacika nsalu, imene poyamba inali yoyala pabedi pake. Kawirikawiri munthu aliyense anali kumujambula kamodzi cabe pofuna kusunga filimu. Patapita zaka, zithunzi zomwezo zinaonetsedwa m'nyumba zikuluzikulu za luso ku Paris ndi ku New York. Zipangizo zake zenizeni zinali bwalo, nsalu ndi diso lodekha, ndipo zonsezi tiri nazo m'midzi mwathu.

Kuwala ndiye mwini nkhani

Liwu la Cingerezi lakuti photography linacokera ku Cigiriki, ndipo tanthauzo lake ndi kulemba ndi kuwala. Cithunzi cakale kwambiri ca kamera cimene cikalipo mpaka lero anajambula ndi Nicéphore Niépce wa ku France ca m'ma 1826 kapena 1827, ndipo kamera yake inakhala pa windo maola osacepera 8 kuti kuwala kukwanire. Makamera a lero amagwira nchitoyo m'kanthawi kocepa kuposa kuphethira kwa diso, komabe lamulo silinasinthe. Kuwala kukaipa, cithunzi cimaipa.

Ambiri timaganiza kuti dzuwa likaswa mtengo ndiye nthawi yabwino yojambula. Imeneyo ndiyo nthawi yoipitsitsa. Kuno kwathu dzuwa la masana limakwera pamwamba kwambiri, moti m'dera la Chipata limadutsa paliwombo penipeni ca kumapeto kwa October komanso pakati pa February. Kuwala kocokera pamwamba kumasiya mdima m'maso, pansi pa mphuno ndi pansi pa cipewa, pomwe cipumi cimanyezimira ndi thukuta. Wojambulidwayo nayenso amatsinzina ndi kukwinya nkhope. Nthawi yabwino ndi m'mawa isanakwane 9 koloko, kapena madzulo kuyambira 16 koloko, pamene dzuwa lapendeka ndipo kuwala kwake kwafewa. Tsiku la mitambo nalonso ndi labwino, cifukwa mitambo imamwaza kuwala mofanana pankhope ponse.

Nanga ngati mwambo watha 12 koloko, monga momwe maukwati ambiri amathera? Pamenepo funani mthunzi wodzaza, monga wa khoma la chalichi kapena wa khonde. Imikani anthu m'mphepete mwa mthunziwo, nkhope zao zitayang'ana kunja kumene kuli kuwala, inu muime kutsogolo kwao. Cenjerani ndi mthunzi wa mtengo wa masamba apatalipatali, umene umasiya mawanga a dzuwa pankhope ngati munthu wadwala zikanga.

M'nyumba, windo ndi khomo ndizo nyale zanu. Munthu akhale pambali pa windo kuti kuwala kumugwere ca m'mbali mwa nkhope. Musamuimike windo kapena khomo liri kumbuyo kwake, cifukwa mudzangopeza cithunzithunzi cakuda. Ici n'cimene cimaononga zithunzi zambiri za akwati potuluka m'chalichi: wojambula waima m'kati, akwati ali pakhomo, kunja kukuwala. Tulukani panja muwadikire kumeneko. Usiku musadalire fulashi ya foni, imene mphamvu yake imathera pa mamita awiri kapena atatu ndipo imacititsa nkhope kuoneka ngati yadzozedwa mafuta. Nyale ya sola yogwiridwa ndi mnzanu ca pambali, pamwamba pang'ono pa mutu wa wojambulidwa, imacita bwino koposa.

Khungu lakuda ndi zovala zoyera

Pali vuto lina limene limatikhudza ife makamaka. Kamera imayesa kuwala kwa zonse zimene ikuona n'kusankha mlingo wa pakati. Ikaona diresi loyera la mkwatibwi, mayunifomu oyera a kwaya, khoma la laimu kapena thambo lowala, imaganiza kuti kuwala kwacuruka ndipo imadetsa cithunzi conse. Zoyerazo zimatuluka bwino, koma nkhope zathu zimamira mu mdima. Vutoli ndi lakale. M'zaka za m'ma 1950 khadi limene kampani ya Kodak inali kupereka kwa otsuka zithunzi kuti aziyeserapo mitundu linali ndi nkhope ya mzimai wacizungu, ndipo makhadi oonetsa anthu a khungu losiyanasiyana anabwera patapita zaka zambiri.

Mankhwala ake ali pa cala canu. Musanajambule, gundani pa sikirini pamene pali nkhope ya munthuyo. Mukatero mwaiuza foni kuti cofunika ndi ici, ndipo idzakonza kuwala ndi kuoneka bwino kwa cithunzi potsatira nkhopeyo. Pa mafoni ambiri pamatuluka kacizindikiro ka dzuwa, kamene mungakankhire m'mwamba kapena kumbali kuti nkhope iwale pang'ono. Cepetsaninso thambo m'cithunzi mwa kuweramitsa foni pang'ono. Ndi bwino kuti diresi litaye maluwa ake ena kusiyana n'kuti mkwatibwi asadziwike.

Mafoni ena amabwera ndi zokongoletsa nkhope zoyatsidwa kale, zimene zimayeretsa khungu ndi kufafaniza makwinya. Zimitsani zimenezo pojambula akuluakulu. Adzukulu adzafuna kuona nkhope yeniyeni ya ambuya ao, ndi makwinya ake, mphini zake ndi imvi zake.

Yandikirani, ndipo gwirani zolimba

Robert Capa, wojambula wochuka wa pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, anali kunena kuti zithunzi zikakhala zosakoma ndiye kuti wojambula sanayandikire mokwanira. Ambiri timaima patali cifukwa ca manyazi, kenaka n'kukoka cithunzi ndi zala pa sikirini. Pa mafoni ambiri ochipa kukoka kumeneku sikubweretsa munthu pafupi. Foni imangodula pakati pa cithunzi n'kupakulitsa, ndipo zotsatira zake ndi nkhope yosungunuka ngati yojambulidwa m'madzi. Yendani ndi miyendo yanu mpaka munthuyo adzaze sikirini. Ngati mukufuna nkhope, jambulani kuyambira pacifuwa kupita m'mwamba, mutaima ngati mita imodzi ndi theka kucokera pamene ali.

Cinthu caciwiri ndi kugwedezeka. Kuwala kukacepa, kamera imatsegula diso lake nthawi yotalikirapo, ndipo dzanja likanjenjemera pang'ono cithunzi cimacita cimbuuzi. Gwirani foni ndi manja awiri, zigongono zitatsamira nthiti. Ngati pali mtengo, ngolo kapena benchi pafupi, tsamirani pamenepo. Pumani, imani kaye, ndipo dinizani mofatsa. Pa mafoni ambiri batani lokwezera mau limajambulanso, ndipo siligwedeza foni ngati kugunda pa sikirini. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Cacitatu n'copepuka koma ambiri timaciiwala. Foni imakhala m'thumba limodzi ndi nshawa, makobili ndi fumbi, imagwiridwa ndi manja a thukuta ndi a mafuta ophikira. Kagalasi ka kamera kakada, zithunzi zonse zimaoneka ngati kuli nkhungu, ndipo mwini wake amayamba kunena kuti foni yatha. Pukutani kagalasiko ndi kansalu kofewa ndi kouma nthawi iriyonse musanajambule.

Yang'anani kumbuyo ndi m'mbali

Diso la munthu limasankha cimene likufuna kuona, pomwe kamera imatola zonse. Inu mukuona mwana wanu wavala bwino tsiku la ubatizo, koma kamera ikuonanso cimbudzi, zovala za pa cingwe ndi mtengo wa papaya umene ukuoneka ngati wamera pamutu pake. Musanadinize, yendetsani maso m'makona onse anai a sikirini. Kusuntha phazi limodzi kumanja kapena kumanzere nthawi zambiri kumakwanira. Pakasowa malo abwino, citenje copanda maluwa ambiri copacikidwa pa cingwe cimagwira nchito ya situdiyo.

Mafoni ambiri ali ndi mizere yothandiza imene mungayatse m'makonzedwe a kamera: iwiri yoimirira ndi iwiri yopingasa, yogawa sikirini m'zigawo 9. Ikani maso a munthu pa mzere wapamwamba, ndipo mudzapewa cizolowezi coika mutu pakati n'kusiya theka la cithunzi liri thambo lokhalokha. Mizere yomweyo ikuthandizani kuti nyumba ndi mitengo zisapendeke. Ngati mukujambula thupi lonse, mapazi alowemo. Pojambula ana kapena munthu amene wakhala pa mphasa, gwadani kuti foni ifanane ndi maso ake.

Si cithunzi ciriconse cimene cifunika kuti anthu aime njo ngati asilikali. Ambuya akusenda nshawa, atate akukonza goli la ng'ombe, amai akupeta mapira, zimenezi zimauza mdzukulu za moyo wa munthuyo kuposa suti yobwereka. Ceza nayeni munthuyo foni iri m'manja mpaka aiwale kuti mukumujambula.

Cithunzi ca gulu, monga ca mphakati, ca kwaya kapena ca kalabu ya alimi, cimafuna mtsogoleri mmodzi. Sankhani malo a mthunzi mwambo usanathe. Konzani mizere itatu: ana pa mphasa, akuluakulu pa benchi, otsala ataimirira kumbuyo. Auzeni kuti amene sakuona foni, foni nayonso sikumuona. Ajambule munthu mmodzi pa nthawi imodzi, cifukwa mafoni akakhala asanu maso a gulu amabalalika. Jambulani kanai kapena kasanu, popeza pagulu sipalephera wina wophethira, ndipo pambuyo pake sungani cimodzi cabwino n'kufafaniza zinazo.

Zithunzi za kumunda ndi kukhola

Kwa mlimi cithunzi cabwino cingapulumutse zokolola. Mbozi zimene alangizi amazichula kuti fall armyworm, zimene kwao ndi ku America, zinafika m'Zambia kumapeto kwa 2016 ndipo zikalipo mpaka lero. Zizindikiro zake zazikulu ndi ziwiri: pamutu pali mzere wooneka ngati cilembo ca Y cozondoka, ndipo ca kumcira kuli timadontho tinai takuda tokhala ngati makona a bokosi. Cithunzi cikapanda kuonetsa mutu ndi kumcira, mlangizi angavutike kuzisiyanitsa ndi kapuci kapena mbozi zina.

Conco tumizani zithunzi zitatu. Coyamba cionetse munda kapena cigawo cimene cagwidwa, kuti mlangizi aone kukula kwa vuto. Caciwiri cionetse phesi limodzi lonse kuyambira pansi mpaka kunsonga. Cacitatu cikhale capafupi, ca tsamba lodyedwa, ca m'kati mwa nsonga momwe mumapezeka ndowe zonga utuci, kapena ca mbozi yeniyeniyo. Ikani mboziyo pa katoni kapena pa tsamba, pambali pake muikepo kamtengo ka macisi kuti kukula kwake kudziwike. Chingani dzuwa ndi thupi lanu kapena cipewa. Musayandikize foni mopitirira muyeso, cifukwa mafoni ambiri saona bwino cinthu cimene ciri pafupi kuposa masentimita 10. Gundani pa sikirini pamene pali mboziyo, dikirani ioneke bwino, kenaka jambulani.

Cithunzi ca phesi lonse n'cofunika cifukwa malo amene vuto layambira amanena zambiri. Cimanga cikasowa cakudya ca nayitirojeni, masamba apansi ndiwo amayamba kucita cikasu, kuyambira kunsonga kutsata msempha wa pakati. Cikasowa fosifolasi, masamba a cimanga caching'ono amafiirira. Matenda a mizere amaonetsa timizere toyera kapena tacikasu totsata misempha ya tsamba. Mlimi akathothola tsamba limodzi n'kulijambula pa tebulo, umboni wonsewu watayika. Pa nshawa, thonje ndi cinangwa, tembenuzani tsamba mujambulenso kunsi kwake, kumene nsabwe za mbeu ndi tizilombo tina timabisala. Pamodzi ndi zithunzizo lembani mtundu wa mbeu, tsiku lobyala ndi feteleza amene munathira. Ndipo musathamangire kugula mankhwala cifukwa ca yankho la munthu wosadziwika wa pa gulu la WhatsApp. Cithunzi cithandize mlangizi kubwera atakonzeka.

Kukhola, jambulani ng'ombe iriyonse ikali bwino: mbali ya kumanja, ya kumanzere, nkhope, nyanga ndi cizindikiro ca pakhutu kapena pantchafu. Tsiku limene ng'ombe yasowa kapena yabedwa, zithunzi zimenezi zimalankhula kwa apolisi ndi kwa amfumu momveka kuposa kungonena kuti inali yakuda ya mawanga. Ciweto cikadwala, jambulani pamene pali vuto, monga zotupa za pansi pa khutu ndi kutsogolo kwa phewa, zironda za m'kamwa kapena za m'ziboda, ndipo tengani kavidiyo kakafupi koonetsa mmene cikuyendera ndi kupumira. Koma ciweto cikafa mwadzidzidzi, magazi akutuluka m'mphuno kapena kumbuyo, musacikhudze kapena kucitumbula pofuna cithunzi. Mliri wa anthrax wa mu 2023 unadwalitsa anthu ambiri m'dziko muno. Jambulani muli patali ndipo itanani a zaziweto.

Malisiti ndi mapepala

Kamera ya foni ndi mboni yabwino pa nkhani za ndalama. Malisiti ambiri a masiku ano amasindikizidwa pa pepala limene zilembo zake zimafufutika pakapita miyezi, makamaka likakhala pa dzuwa kapena pofunda. Mukagulitsa cimanga ku Food Reserve Agency kapena kwa ogula ena, mukalipira ku kopaletivu, mukagula mbeu ndi feteleza, jambulani lisiti tsiku lomwelo. Liyaleni pa tebulo pafupi ndi khomo, liwongoleni, ikani foni pamwamba pake molunjika, makona onse anai aoneke ndipo mthunzi wa dzanja lanu usagwerepo. Mukatha, kulitsani cithunzico muone ngati manambala akuwerengeka. Citani cimodzimodzi ndi khadi la ubatizo, kalata ya ukwati, khadi la mwana la ku sikelo ndi makalata a munda. Koma cithunzi ca reji yanu musamacitumize kwa munthu aliyense amene wacipempha pa foni, cifukwa akuba amagwiritsa nchito zoterezi.

Ulemu usatsalire

Kukhala ndi kamera sikupatsa munthu ufulu wojambula ciriconse. Safunsa anadya phula. Pemphani musanajambule munthu, ndipo pemphaninso musanaike cithunzi cake pa Facebook. Ana a eni ake musawajambule makolo asanalole, ndipo mwana wosavala asajambulidwe n'komwe. Odwala m'cipatala, anthu ovulala pa ngozi ya pamseu ndi mitembo si zinthu zofalitsa. Pali mabanja amene amva za imfa ya m'bale wao kudzera pa cithunzi ca pa WhatsApp uthenga usanafike mwa mwambo, ndipo bala lotere silipola msanga. Dziko lathu lirinso ndi lamulo loteteza mbiri ya munthu, la Data Protection Act la mu 2021, koma ulemu tinali nao lamulolo lisanabwere.

M'chalichi, gwirizanani ndi abambo, abusa kapena akulu a mpingo mwambo usanayambe, kuti mudziwe poima ndi nthawi imene simuyenera kuyendayenda. Banja lisankhe wojambula mmodzi m'malo moti anthu khumi azungulire mwana pa ubatizo mpaka makolo ake osaona kanthu. Pa miyambo ya makolo monga Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete kapena Nc'wala ku Mtenguleni, tsatirani zimene akuluakulu a mwambo anena. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005 ndipo amajambulidwa pabwalo eni ake akalola, koma kudambwe sikupita kamera.

Kusunga kuti zisatayike

Cithunzi cabwino cimene catayika n'cimodzimodzi ndi cimene sicinajambulidwe. Mafoni amabedwa, amagwera m'citsime, amafa osacenjeza. Zithunzi zofunika zikhale m'malo awiri. Mungazikopere pa memori khadi n'kuisunga m'nyumba, kapena kuzitumiza kwa m'bale wodalirika. Amene ali ndi akaunti ya Google amapatsidwa malo aulere okwana 15 GB, koma lembani mau acinsinsi olowera pamalo obisika, cifukwa ambiri amataya zonse posintha foni. Dziwaninso kuti WhatsApp imacepetsa cithunzi pocitumiza pofuna kusunga bandulo. Ngati cithunzico n'cokatsukitsa kapena coika m'nyuzipepala, citumizeni ngati document, kapena sankhani HD, imene inayamba mu 2023.

Musanyengedwe ndi ogulitsa amene amachula manambala akuluakulu a megapixel. Cithunzi ca pepala ca masentimita 10 kwa 15 cimafuna ma megapixel awiri cabe ndi pang'ono, ndipo ca kukula kwa pepala la A4 cimafuna pafupifupi 9. Mafoni ambiri amene ali m'matumba mwathu amakwanitsa zimenezi. Conco mukagulitsa zokolola, patulani kandalama mukatsukitse zithunzi khumi zabwino za caka cimeneco. Pepala silifuna batire kapena netiweki. Lisungeni mu alubamu kapena m'pulasitiki m'sutikesi, kutali ndi cinyontho, dzuwa ndi ciswe.

Kumbuyo kwa cithunzi ciriconse lembani ndi pensulo maina a anthu, malo ndi caka. Mu Lusaka, Sana Ginwalla anasonkhanitsa zithunzi zakale zimene eni ake sanabwere kudzatenga pa situdiyo ya Fine Art Studios, n'kuyambitsa nkhokwe ya zithunzi yochedwa Zambia Belonging. Nkhope za pa zithunzizo zikuoneka bwino, koma ambiri mwa anthuwo sadziwika maina. Izi zingacitikenso m'banja mwathu pakangodutsa mibadwo iwiri. Zithunzi zakale za makolo zimene ziri pa khoma zijambuleninso ndi foni, mutazicotsa m'galasi ngati n'kotheka, mu mthunzi ndiponso popanda fulashi, kenaka mugawire abale. Ndipo funsani maina akuluakulu amene akuwadziwa akali moyo.

Ma parishi ndi makopaletivu nao angacitepo kanthu. Mlembi amene amasunga mabuku a misonkhano angasungenso alubamu ya zithunzi za caka ndi caka: kumanga kwa chalichi, akatekisiti, magulu a amai, munda wa citsanzo, tsiku logawana phindu. Acinyamata amene amadziwa mafoni apatsidwe nchito imeneyi, aphunzitsenso makolo ao kugunda nkhope pa sikirini ndi kutumiza zithunzi zitatu kwa alangizi.

Tiyeni tiyambe sabata ino ndi akuluakulu amene tiri nao pakhomo. Dzuwa likapendeka, apempheni ambuya avale cimene amakonda, akhale pa mpando pakhonde nkhope itayang'ana kunja. Pukutani kagalasi, yandikirani, gundani pankhope, jambulani kasanu. Sankhani cimodzi, mukacitsukitse mukapita ku boma, ndipo kumbuyo kwake mulembe dzina lao lonse, mfunda wao, mudzi wao ndi caka.